Nkhope ya Pansi pa Penti

Anthu amati ndine wokonza ziboliboli, koma kunena zoona ndimakhalira kupala penti amene anzathu akale anapaka mosaganiza.

Pasukulu yathu ya zojambula pali ziboliboli za pulasitala zimene zinabwera pa sitima kuchokera ku Ulaya kalekale. Ophunzira amazizungulira n'kumazijambula ndi makala, akalakwitsa amafufuta ndi buledi. Fumbi la makalalo likazidetsa, m'malo mozitsuka ankangozipaka penti woyera. Chaka ndi chaka! Mphuno zinafika pofanana ndi mbatata.

A Kurokawa, mkulu wa sukulu, atafuna kuziika pachionetsero anandiitana. "Mayi Shigeno, chilichonse chibwerere mmene chinachokera kwa eni ake. Zomatamata ayi."

Ndinayamba ndi mutu wa mnyamata wachigiriki. Mutu umenewu unali ndi mlendo wake, Mayi Hayasaka, gogo wopindika msana amene ankabwera mwezi ndi mwezi, kukhala pabenchi, kuuyang'ana, n'kumapita. Alonda ankaseka kuti ndi chibwenzi chawo.

Tsitsi ndi makutu zinayenda bwinobwino. Nditafika pachipumi ndinapeza mzere wozungulira nkhope yonse, ndipo mkati mwa mzerewo pulasitala anali wina, wotuwa. Ndinapitiriza kupala. Panayamba kuoneka khungu la timaenje ngati lathuli, ndi kachipsera pachibwano. Maso otsegula aja anali ongomata pamwamba. Atagwa, pansi pake panali zikope zotsinzina mwamphamvu. M'nsidze munakanirira timatsitsi takuda, tsitsi la munthu.

Ndinaponya kampeni pansi. Ndinaphimba mutuwo ndi nsalu, komabe tsiku lonse ndinkangomva ngati kumbuyo kwanga kuli munthu amene akudikira kuti ndimuuze kuti atsegule maso.

A Kurokawa atauona anabwerera m'mbuyo. "Iyi si nkhope yake. Ichotseni, tiitanitsa yoyenera."

"Nanga iyiyi ipite kuti?"

"Kaya. Koma ana sangamajambule Mgiriki wa nkhope ya kuno kwathu."

Ndinazengereza, mtima sunkandilola. Tsiku lawo litakwana, Mayi Hayasaka anapeza pamalo paja pali mbee, ndiye anafunsira mpaka kundipeza kuchipinda chokonzera.

"Mwawaika kuti achimwene anga?"

Ndinawapatsa mpando ndi tiyi, iwo n'kuyamba kufotokoza. Achimwene awo, Nobuyasu, ankaphunzira pano. Ataitanidwa ku nkhondo, anzawo anawakonzera phwando lotsanzikana m'chipinda chojambulira. Mowa utalowa, Nobuyasu anagunda mutu uja, nkhope n'kuphwanyika. Poopa aphunzitsi, anzawowo anawagoneka patebulo, kuwadzoza mafuta, kuwaika timapesi m'mphuno kuti azipuma, n'kuwathira pulasitala kumaso. Nkhope imene inatuluka anaimata pa Mgiriki uja, n'kuipangira maso.

"Anabwera kunyumba nsidze zitazuka, ife kuseka mpaka misozi," anatero gogoyo. "Kenako nyumba inapsa ndi mabomba, zithunzi zonse phulusa. Kwatsala nkhope imeneyi basi."

"Mayi, penti ndachotsa. Sakuoneka mmene munawazolowera."

"Vundukula, mwanawe. Ndakalamba ine, ulibe chondibisira."

Ndinavundukula. Anayang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako anatambasula dzanja, chala chikuyenda pachipsera, pamilomo, mpaka pazikope zotseka zija. Ine ndinalakalaka penti yense uja atabwerera.

"Zaka zonsezi amandiyang'ana," anatero chapansipansi. "Ndikabwera ndimawapeza ali maso. Nkhondo itatha anatibweretsera kabokosi, akuti ndi mafupa awo. Titatsegula munali mwala. Amayi anakana kulira, akuti sanabereke mwala. Nanenso ndinakana."

Anasendeza nkhope yawo pafupi, ngati akufuna kumva mpweya.

"Ndiye munagonadi, achimwene."

Apa ndi pamene analira, kulira kwa mwana wamng'ono, mapewa akugwedezeka. Atatha anapukuta m'maso, anamasula nsalu imene anamangira chakudya chawo cha masana, n'kuiyala patebulo langa mosamala.

"Tenga macheka ako," anandiuza. "Udule pang'onopang'ono, usawapweteke. Kumanda kwathu malo awo alipo, pafupi ndi amayi."