Mapira a Pamtumbira wa Elliam

Nyimbo yotsiriza inali isanathe pamene Modester anaona kufiira kuseri kwa mitengo. Amayi anali atakhala pansi m'mphepete mwa manda, amuna akukwirira nkhalamba ina imene ukalamba ndi njala zinathandizana kuimaliza. Modester anasuzumira bwinobwino. Kumapeto kwa manda, kumene kunalibe mthunzi, kunali mitumbira itatu yondondozana ya anyamata a m'mudzimo amene anapita ku usilikali wa Keyala nthawi ya nkhondo. Jasten ndi Hudson anabwerako ali odwala kale, sanakhalitse. Elliam, mwamuna wa Modester, anapirirako mpaka chifuwa chinamutenga mvula yoyamba itangogwa. Tsopano pamtumbira pake panali mapira, aafupi ofika m'chiuno, koma ngala zake zodzaza, zofiira, zoweramira pansi.

Chinali chaka cha 1949. M'minda yonse ya m'mbali mwa Rivirivi munalibe choti munthu n'kuchitchula dzinthu. Mvula inagwa pang'ono, kenako inatseka ngati alipo anaitukwana. Anthu anabzala kachiwiri, mbewu inapsera m'nthaka, ndipo amene anatsala ndi kambewu anali atakazingira kale ana.

"Mukuyang'ana chiyani, alamu?" ananong'ona Scholastica, mlongo wake wamkulu wa Elliam.

"Mapira aja amera."

"Ndinawaona kale. Imbani nyimbo."

Mapirawo Modester ankawadziwa, pakuti nayenso anawasekapo. Anzake a Elliam pochoka ku nkhondo anabwera ndi njinga, ena makina osokera. Elliam anabwera ndi botolo lachitsulo lodzaza mbewu ya ku Somaliya, dziko limene iye ankati mvula imangodutsako ngati mlendo wothamangira ulendo. Atabzala kamzere kumapeto kwa munda, mudzi wonse unapeza choseka. Mapira anji aafupi ngati akuopa kumwamba? Mbalame zinkangolawa n'kuthawa kuwawa kwake.

"Zokanidwa ndi mpheta ndiye mutidyetse ife?" Modester ankatero.

Elliam sankayankha, pakuti chibwerere ku nkhondo mawu anali atamuchepera. Ankangosankha ngala zabwino, kupuntha, n'kudzazanso botolo lake. Tsiku la maliro ake Scholastica anakhuthula botololo pamtumbira, n'kuliboola, n'kulisiya pomwepo pamodzi ndi mbale ndi kapu ya malemu, kuti mwini asadzabwere kudzafunsa zake. Mayiyu sankajomba Misa, koma pa za maliro sankafuna kuputa mizimu.

M'mawa mwake mwa maliro a nkhalamba ija, Modester anapeza Scholastica akusinja malambe.

"Alamu, ndabwera ndi nkhani ya mapira aja. Akakhalitsa, moto wa osaka mbewa uwatha. Ija ndiyo mbewu yokhayo yatsala m'mudzi muno."

"Mbewu ya yani?"

"Ya ana a mlongo wanu."

Scholastica anaimika munsi. "Mwaiwala kuti ndinu mtengwa kodi? Kwanu ku Nselema mumakolola kumanda? Mkazi wopezeka kumanda popanda maliro dzina lake mukulidziwa, sindichita kukuuzani. Mukangodula ngala imodzi, mumange katundu wanu."

Modester anabwerera kunyumba. Ku Nselema kunalibe womulandira, makolo anatsogola kale ndipo munda unagawidwa. Kutchedwa mfiti kunamuopsa kwambiri. Koma atafika pakhomo anapeza ana ake, Martina ndi Wadson, atakhala chete padzuwa, osasewera, makosi atatalika. Chaka chino akanapirira ndi mizu ndi malambe, nanga mvula ikadzabwera adzaponya chiyani m'nthaka? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamanga nsalu yake molimba n'kulunjika kwa Che Swaibu.

Che Swaibu anali Msilamu wa kutsidya kwa khwawa, telala wotsimphina mwendo, amene anayenda nkhondo yonse ndi Elliam. Ndiye anatsogolera adzukulu okumba manda a mnzakeyo. Mdzukulu ndi munthu waufulu wake: amaseka anamfedwa misozi ili m'maso, amagwira nkhuku ya pamaliro, amatenga chovala cha malemu, ndipo palibe womuimba mlandu. Modester anamupeza pakhonde akupukuta makina opanda chosoka, kumapazi atavala nsapato za usilikali za Elliam.

"Ee, mkazi wanga wafika!" anakuwa Che Swaibu. "Mwandibweretsera nkhuku ina? Manda aja anali ouma, khasu langa linapindika."

"Nkhuku zinatha, Che Swaibu, mudya nthenga. Nsapatozo zikukukwanani?"

"Ngati anayezera ine. Malemu anali waulemu, anafa nsapato zisanathe."

"Nanga jasi lija?"

"Ndimafunda."

"Pamene munkatenga zimenezi alipo anakuletsani?"

"Aletse mdzukulu? Zosiya wakufa ndi zathu, mayi."

"Ndiye zilipo zina munaiwala kutenga."

Atamva za mapira, Che Swaibu kuseka kunamuthera. "Ngwamba, ngwamba, iyayi! Nsapato ndinatenga mwini asanalowe m'nthaka. Zomera pamtumbira ndi nkhani ina. Kumanda kwanu kuja ine ndimalowako ndi khasu basi."

"Mwanena nokha kuti zosiya wakufa ndi zanu. Kapena lamulo lanulo limangogwira pa nsapato?" Modester anasendera pafupi. "Munali naye limodzi kumeneko. Ine sanandiuzepo, nanenso sindinafunse. Mbewu ija anaitengeranji?"

Che Swaibu anayang'ana nsapato zija kumapazi kwake.

"Tinafika pamalo pouma, poti ngakhale chisoso sichingamere," anatero pang'onopang'ono. "Koma anthu akukolola. Elliam anagwada, anafumbata dothi, ananunkhiza. Kenako anapereka bulangete lake kusinthanitsa ndi mbewu. Miyezi yozizira yonse tinkafunda langa, iye wamtali, ine mapazi panja. Ankati, 'Swaibu, kwathu ku Rivirivi tsiku lina kudzauma chonchi.' Ine ndinamuseka. Walahi, tonse tinamuseka munthu uja."

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali atavala jasi lija, mpeni uli m'manja. "Tipite madzulo, anthu akalowa m'nyumba."

"Iyayi," anatero Modester. "Tipita pompano, dzuwa lili paliwombo, ndipo tidutsa pakati pa mudzi. Wobisala ndiye mfiti."

Anadutsadi pakati pa mudzi, Che Swaibu patsogolo akutsimphina mwa perete ndi kuimba nyimbo ya asilikali, thukuta lili kamukamu m'jasi, Modester pambuyo ndi dengu pamutu. Njala ichepetsa mphamvu koma siichepetsa chidwi: anthu anatuluka n'kuwatsatira. Mkazi wa malemu Jasten anabwera mwana ali kumbuyo, amake a Hudson anabwera ndi ndodo yawo. Pofika m'mphepete mwa manda Modester anaima, pakuti malire ake ankawadziwa. Koma panjira yolowera anali ataimapo kale Scholastica, manja atatambasula.

"Che Swaibu, munatenga nsapato, ndinakhala chete. Munatenga jasi, ndinakhala chete. Izi zokha ndisiyireni."

"Alamu anga okongola, mdzukulu saletsedwa."

"Ndati ndisiyireni!" Misozi inayamba kutsika. "Mlongo wanga anapita ku nkhondo akuseka, anabwerako wosalankhula. Ndinamulera ndine, koma zaka zonsezi sindinamve zakukhosi kwake. Tsopano ndikamadutsa panjira apa ndimaona mapirawa akugwedera, ndimati ndi ujayo akundipatsa moni. Mukadula ndiziona chiyani?"

Modester anamva chisoni chachikulu, pakuti iye ankayesa kuti mlamu wakeyo ndi nkhanza ndi mantha basi. Anatula dengu n'kugwada.

"Alamu, moto ukadutsa pano simudzaonanso kanthu, chaka chino ngakhale cha mawa. Che Swaibu asiye phata lapakatilo, njere zake zigwere pomwepo, zidzamerenso. Enawo tikabzale. Munthu anagona wopanda bulangete chifukwa cha mbewu imeneyi, ife n'kumamuseka. Tisamusekenso kachiwiri."

Amake a Hudson anagogoda ndodo pansi. "Wanga uja anabwera ndi mendulo," anatero. "Ndaisunga bwino, koma mendulo sabzala. Mlekeni adule, Scholastica."

Scholastica anangotsitsa manja n'kupatukira pambali, nsalu ili kumaso.

Che Swaibu analowa, naima njo patsogolo pa mitumbira itatu ija, n'kuchita sawasha. "Kopolo Elliam! Ndabwera kudzatenga zotsala. Usandibwerere kutulo, bulangete ndi lomwe lija, sitikwanamo." Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso. Anadula ngala imodziimodzi, kusiya phata lapakati monga ananenera Modester. Dengu silinadzaze n'komwe. Potuluka analiika pamapazi pa Modester.

"Izi tsopano ndi za Swaibu, ndipo Swaibu wapatsa mkazi wake. Wofuna mlandu andipeze pakhonde."

Martina anakoka nsalu ya amake. Maso ake anali pa dengu. "Amayi, tiphika lero?"

Funso limenelo linamulasa Modester mumtima. Anaona kuti kudula kunali kophweka, chovuta chinali kusunga mpaka mvula. Anadzidziwa yekha. Ananyamula dengu lija n'kukaliika pamaso pa Scholastica.

"Sungani ndinu, alamu."

"Ine?"

"Ine ndili ndi ana. Tsiku lina adzalira, mtima udzandipereka, ndidzaphika. Inu kukana mumatha."

"Kumeneko n'kuyamika kapena kutukwana?" anafunsa Che Swaibu.

Scholastica sanaseke. Anasenza dengu n'kumapita. Tsiku lomwelo anapuntha ngalazo, anasakaniza njere ndi phulusa kuopa anankafumbwe, anathira m'kamsuko, n'kumata pakamwa pake ndi dothi.

Modester sananame. Mwezi wa Okutobala dzuwa litafika poswa mtengo, Wadson anatupa mapazi, kulira kwake n'kumamveka ngati kwa mwana wa mphaka. Modester anamubereka n'kuthamangira kwa mlamu wake.

"Chikho chimodzi chokha, alamu. Ndimuphikire phala."

"Palibe."

"Mwana wa mlongo wanu akufa!"

"Munanena nokha kuti kukana ndimatha. Mwanayo musiyeni pano, inu bwererani."

Modester anachoka akutukwana mumtima, ndipo masiku angapo sanalonjerane. Anadzamva kwa anthu kuti Scholastica ankayenda mpaka ku siteshoni ya Balaka kukasenzera Amwenye madzi kuti apeze kagaga, ndipo kagagako kankathera mwa Wadson, iye n'kumagonera mango osakhwima owiritsa. Mwanayo anayamba kukhala tsonga, kenako kuyenda.

Chizimalupsa chinawaza, patapita masiku mvula yeniyeni inagwa usana wonse mpaka Rivirivi anayamba kulira. M'mawa mwake Scholastica anafika pakhomo pa Modester, ataonda moti nsalu inkamuzungulira kawiri, kamsuko kali pamutu, dothi la pakamwa pake lili chimatire. Wadson anali pambuyo pake atagwira mpendero wa nsalu. Scholastica anaswa chomatacho anthu akuona. Anayamba kutapira mkazi wa Jasten, kenako amake a Hudson, kenako Che Swaibu, amene anadandaula kuti dzanja la alamu ake ndi laling'ono. Mabanja ena analandira pang'onopang'ono, pongoyambira. Zotsala zinali za munda wa Elliam.

Njira ya kumunda inkadutsa m'mbali mwa manda. Amayi awiriwo anayenda mondondozana, makasu paphewa, Martina atanyamula mbewu m'chikho.

"Amayi, si owawa amenewa?" anafunsa mwanayo.

"Amawawa pang'ono. Udzazolowera."

Pofika pa mitumbira itatu ija Scholastica anaima. Phata louma lija linali litagwa, koma pamtumbira wonse wa Elliam, mpaka kutayikira kwa Jasten ndi kwa Hudson, panali titsamba tobiriwira totalika ngati chala, tomera ndi chizimalupsa chija. Anayang'ana kwa kanthawi, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Mwaona, alamu? Mwini wake wabzala kale," anatero, akukonza khasu paphewa. "Tiyeni tifulumire, angatiseke."