Matewera pa Heji ya a Maynard

Kumunsi kwa Nzama kunalibe munthu wonyadira chinthu chosadyedwa ngati a Maynard Fanizo. Anzawo ankanyadira kachewere ndi ng'ombe, iwo ankanyadira heji, mpanda wa timitengo tometa. Anabwera nayo kuchokera ku Joni, komwe ankagwira ntchito ya m'maluwa pafamu ina, ili tinthambi chabe tokulunga m'chiguduli chonyowa. Kumeneko ankaitcha bokisi. Ndi kamtengo ka masamba ang'onoang'ono onyezimira, kokula mochedwa ngati mlandu wa malo. Anatidzala mumzere kuyambira pakhonde mpaka kuchipata, n'kumatithira manyowa owolerana a m'khola. Pomwe mwana wawo Silvester ankamera ndevu, heji inali itangofika m'chiuno.

Mvula ikatha ankakoka chingwe, n'kutenga chisizasi chawo, n'kumeta pamwamba mpaka pakhale see. M'chilimwe sankaimeta, ati masamba ometedwa kumene amapsa ndi dzuwa. Nthawi zina ankapisa dzanja m'kati n'kumathyola tinthambi touma kuti mphepo izidutsa, uku akuimba chamumtima. Anali munthu wokhutira ndi moyo wake, ndipo sankabisa.

"Chinthu choti ngakhale mbuzi imangonunkhiza n'kupitirira," ankatero akazi awo, a Zelesi. "Mvula ikagwa ndiye fungo lake mkodzo wa mphaka weniweni."

Koma Lamulungu akatchena, a Zelesi omwewo ndi amene ankaima pambali pa heji kuti awajambule. Lamulo linali limodzi: pahejipo sayanikapo kanthu. A Zelesi anayesapo kamodzi kale, kansalu kamodzi kokha, ndipo nkhani yake inakathera kwa ankhoswe.

Silvester naye atapita ku Joni, anasiya mkazi wake Lufina pakhomopo ndi khanda, Tisungane. Kwawo kwa Lufina kunali kuchigwa, ku Sharpevale, ndipo amayi ake anavomera monyinyirika. Pomusiya anati, "Akaona kuti sakumasuka abwerere, nyumba ya make sinagwe." Mawu amenewa a Maynard anawasunga. Nyumba yawo inali itakhala zii kwa nthawi yaitali, ndipo tsopano munali kulira kwa mwana, kuseka, ndi munthu woimba potsuka mbale. Ankaopa chinthu chimodzi chokha, kuti tsiku lina mtsikanayo adzabereka mdzukulu wawo n'kutsetsereka naye kuchigwa.

Lufina anali wakhama komanso wamanyazi. Atachapa koyamba anayang'ana uku ndi uku, n'kuona chinthu chosalala, choyera bwino, chofika m'chiuno, chili padzuwa. Ndani akanamunena? Anayala matewera kuyambira pakhonde mpaka pakati.

A Maynard pobwera kudimba anangoima pachipata, khasu lili paphewa. Mwamuna sadzudzula mpongozi wake pamaso, ndipo zochapa zake sazigwira. Iwo ndi Lufina ankalonjerana chapatali, iye atagwada, iwo akuyang'ana kumbali. Khoswe anali atakhala pamkhate.

"Amake Silvester," ananong'ona atawapeza akazi awo kuseri, "simungamuuze mwanayu?"

"Ndimuuze kuti chiyani? Kuti agogo amakonda masamba kuposa matako a mdzukulu?" A Zelesi anali kusenda kachewere, ndipo chimwemwe chinkaoneka ndi kumsana komwe. "Ine munandiitanira ankhoswe. Aitaneninso."

Poona kuti kumeneko kulibe thandizo, a Maynard anazika mitengo iwiri pakati pa bwalo n'kumangapo waya. Sananene kanthu, poganiza kuti waya adzilankhulira yekha. M'mawa mwake anapeza pawayapo pali malaya awo, mathalauza awo ndi zitenje za a Zelesi, zonse zochapidwa bwino. Matewera anali pahejipo monga mwa masiku onse. Mwana woleredwa bwino sangapachike matewera pambali pa malaya a apongozi, pamalo oti iwo azidutsa pansi pake. A Maynard anamvetsa, ndipo chinawapweteka kwambiri n'chakuti mtsikanayo anachita zimenezi powalemekeza.

Patapita masabata, pamwamba pa heji panayamba chikasu. Madzi a sopo ankadontha m'masamba, nsalu n'kumaphimba dzuwa, ndipo malo ena anayamba kuoneka timitengo. Madzulo Lufina akaanula, a Maynard ankazemba ndi keni ya madzi n'kumatsuka masambawo ngati akutsuka bala. Komabe akamva Tisungane akuseka kumsana kwa make, mtima unkakhala pansi.

Cholakwa anachichita pafoni. Silvester ataimba n'kufunsa za pakhomo, iwo anati zonse zili bwino, kungoti heji yayamba chikasu chifukwa cha matewera. Ananena moseka. Koma mawu anapita ku Joni ali ofewa n'kubwerako ali ndi minga, pakuti Silvester anakulira pansi pa lamulo lija ndipo ankaliopa kuposa mwini wake. Tsiku lomwelo anamuimbira mkazi wake n'kumukalipira kuti wawachititsa manyazi.

Lufina anabwera n'kugwada pafupi ndi a Zelesi, a Maynard ali pakhonde.

"Amayi, mundipepesere kwa abambo. Sindinkadziwa."

Kuyambira pamenepo matewera sanaonekenso panja. Ankawayanika m'chipinda mwake, pamipando ndi pazenera. Unali mwezi wa Juni, chifunga chinkatsika m'mapiri n'kukhala mpaka masana, ndipo m'nyumba nsalu siuma. Mwana anatuluka tizilonda n'kumangolira. Kuimba potsuka mbale kunatha. Heji inayamba kuphukira timasamba tatsopano tobiriwira, ndipo a Maynard ankatiyang'ana osamva kukoma kulikonse.

Kenako Lufina anapempha kuti akaone amayi ake. Anati kuchigwa n'kotentha, mwana akapezako bwino. Tsiku lobwerera sanalitchule, ndipo chikwama chimene anatulutsa chinali chachikulu chija anabwera nacho.

"Mwamva?" anatero a Zelesi. Ulendo uno sankaseka.

"Ndamva."

"Ndiye khalani nayoni heji yanuyo. Muziibereka kumsana."

M'mawa wa ulendowo a Zelesi analawirira kuchapa matewera a mdzukulu wawo, ati Lufina asavutike, akayanika akafika. Beseni analisiya pakhonde n'kulowa kukitchini. Kaya analisiya dala, iwo okha ndi amene akudziwa. A Maynard analiyang'ana beseni lija kwa kanthawi. Anayang'ananso heji yawo, mzere wake wowongoka, mame ali mbuu pamwamba. Kenako anapinda manja a malaya.

Amayi awiri amene ankapita kuchigayo anaima pamsewu n'kutula matumba awo kuti aone bwino. A Maynard, mkulu wa mumpingo, munthu wa imvi zake, anali kuyala matewera pa heji imene ngakhale mwana sankaloledwa kuitsamira. Ankayala limodzilimodzi, n'kumawongola m'makona kuti afanane, pakuti munthu sasiya khalidwe lake tsiku limodzi. Manyazi anawagwira mpaka m'makutu, koma sanasiye mpaka beseni linatha.

Lufina anatuluka mwana ali kumsana, chikwama chili m'manja. Anaima pakhomo.

A Maynard anatsokomola, maso ali pahejipo. "Amake Silvester, auzeni apongozi kuti..."

"Ali pomwepa," anatero a Zelesi ali pakhomo la kitchini. "Makutu ali nawo."

Panalibenso kothawira. Anavula chipewa n'kutembenuka, ndipo kwa nthawi yoyamba anamuyang'ana mtsikanayo kumaso.

"Apongozi, kamtengo aka ndinadzala ndekha, ndimakadziwa. Mukakadula kamaphuka, kakapsa kamaphukanso. Koma nyumba ikakhala zii, mankhwala ake ine sindiwadziwa. Ndinalakwa kudandaula kwa Silvester. Pano ndi panu, muziyanika pamene mwafuna. Chonde musapite."

Lufina anagwada pomwepo, mutu uli pansi. Tisungane anatulutsa kadzanja m'nsalu n'kumakoka duku la make. A Maynard chipewa chija anachipotokola mpaka chinasiya kuoneka ngati chipewa.

Kenako mtsikanayo anaika chikwama pansi, n'kudzuka, n'kupita pahejipo. Anagwira thewera limodzi, madzi n'kuchucha m'masamba.

"Abambo," anatero motsitsa mawu, kumwetulira kukumuvuta kubisa, "mwayanika osafinya. Mupsereza masamba."

Analichotsa, n'kupita nalo pambali, n'kulifinyira padothi kutali ndi mizu, n'kudzaliyalanso pamalo pomwe paja. Anatenga lachiwiri. A Maynard anasuntha pang'ono kumupatsa malo, ndipo a Zelesi ananyamula chikwama chija n'kulowa nacho m'nyumba osafunsa munthu.