A Gilford Akonzekera Phiri la Nganda

Rozina anawapeza amuna ake atakhala pa kalavati pafupi ndi msika wa Nsungwi, thukuta likuyenderera m'khosi, chikwama chakumsana chili pakati pa miyendo. Iye ankachokera kogula matemba. Amayi ogulitsa tomato ankayang'ana kumbali, koma makutu ali komweko.

"Bambo a Suwilanji, mwatani?"

"Ndikungopumula," anatero a Gilford, mawu akutuluka moduladula.

Rozina anati anyamule chikwamacho, koma chinamukanika. Atatsegula anapeza njerwa, zomwe zija ankasungira khola la nkhuku.

Nkhani yake inali ya ulendo. Mwana wawo Suwilanji ndi mwamuna wake Trevor anali atakonza zowatengera makolowo ku Nyika sukulu zikatsekera, akaone mbidzi ndi kuyenda m'mapiri. A Gilford anakulira ku Rumphi, m'munsi mwa mapiri omwewo. Kuyambira ali pa chibwenzi ankamuseka Rozina kuti kwawo ku Mitundu chulu ndiye phiri, ndipo ankamulonjeza kuti tsiku lina adzamukweza pamwamba pa phiri la Nganda ku Nyikako, aone mitambo ili kunsi kwa mapazi ake. Kenaka kunabwera ana, ntchito ya ku Kanengo, maliro a uyu ndi uyo. Tsopano mwayi unapezeka, koma tsitsi linali litayera ndipo a dokotala anali atawapatsa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Komabe iwo anayamba kuyenda atabereka njerwa kuti thupi lizolowere kukwera phiri.

Rozina anakhala pambali pawo. Ankawadziwa bwino: ukawauza kuti simungathe, mawa lake adzawonjeza njerwa.

"Ine ndimafuna ndikuuzeni," anayamba motsitsa mawu. "Bondo langali landivuta. Phirilo sindingakwere. Anawo akakwere okha, inu mukakhale nane pansi tizikaona mbidzi."

A Gilford anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Bondo liti?"

"Lakumanzereli."

"Mwagwira lakumanja."

Rozina anasuntha dzanja mofulumira. Mmodzi mwa amayi a tomato analephera kudzigwira, anaseka n'kubisa nkhope m'chitenje.

"Mayi a Suwilanji," anatero a Gilford, "Loweruka pa chinkhoswe cha mwana wa a Harry munavina mpaka gule kutha. Bodza simulitha. Zaka zonsezi simunaphunzirebe."

"Nanga nditani? Ndipite ku Nyika ndi mwamuna, ndibwereko ndili wamasiye?"

A Gilford anayang'ana minibasi ikuitanira anthu a m'tauni, kenaka anapukuta nkhope ndi chipewa.

"Ndinakulonjezani," anatero pang'onopang'ono. "Munasiya anyamata a kwanu, munatsatira Mtumbuka wopanda ngakhale njinga. Chinthu chimodzi chokhacho ndikanike?"

"Ine ndinatsatira phiri kapena munthu?"

Kupuma kwa a Gilford kunayamba kubwerera m'malo.

"Chabwino," anatero. "Mawa mundiperekeze kuchipatala akandipime. Akalola, tikakwera. Koma pomwe mukanene kuti basi, tikakhala pansi pomwepo, anawo apitirire."

"Ngakhale nditanena titangotsika galimoto?"

"Mukatero ndiye ndikakusumirani kwa ankhoswe."

Rozina anaimirira n'kuwapatsa dzanja. A Gilford anayang'ana uku ndi uku, kenaka analigwira, nakweza mawu kuti amayi a tomato amve: "Gwirani bwino, mayi, ndi bondo lanulo mungagwe."

Anayamba ulendo wa kunyumba, kamtunda ka pa tchalitchi kakuwadikira kutsogolo. Atafika pakati pake, Rozina anamva dzanja lija likulemera pa mkono wake. Anaima n'kuyamba kumanga bwino chitenje chake, chomwe sichinamasuke n'komwe, ndipo sanafulumire.