Dzanja la pa Chikwangwani

Chisamba anali atagwira kale mbali imodzi ya makina ochekera matabwa, akuyesa kulemera kwake, pamene mayi ake anamuuza kuti awasiye.

"Wawamva bambo ako akuvomera?"

"Sanakanenso, amayi. Wogula uja akuti lole yake ili ndi mpata mawa lokha."

Bambo, kalipentala mwini shopuyo, anali pa benchi ya pakhomo, dzanja lamanja lili m'thumba la ovololo monga mwa masiku onse. Linali Lachisanu m'mawa. Mwana wawo wamkazi, yemwe aliyense ankangomutchula kuti Chitsiriza, anamwalira Lamlungu atangodwala mutu pang'ono, ndipo anamuika Lachiwiri. Kuyambira pamenepo palibe anayatsa makina. Utuchi wa sabata yatha unali udakali pansi, ndipo mphaka anali atakonzamo pogona.

Nkhani yogulitsa shopu inali yakale. Anthu anasiya kupangitsa mipando, ankagula ya m'masitolo yobwera m'makatoni. Chisamba, mwana woyamba, ankafuna kuti makolo ake atseke, akakhale naye. Amene ankatsekereza anali Chitsiriza. Iye ankaphunzira zojambula zizindikiro za makampani kukoleji. Aphunzitsi atawauza kuti akhale awiriawiri, asankhe kampani ndi kuipangira chizindikiro, mitundu yake, makhadi ndi chikwangwani, iye anasankha shopu ya bambo ake.

"Kampani yake iti, ya munthu mmodzi ndi mphaka?" Chisamba anamuseka nthawi imeneyo.

"Mphakayo ndiye manijala, achimwene. Inu mukafuna ntchito mudzaonane naye."

Tsiku lomwelo bambo analonjeza kuti sagulitsa ngakhale msomali mpaka chikwangwanicho atachiona ndi maso.

"Ndikudikira chikwangwani," anatero bambo tsopano, osatembenuka.

"Bambo, chikwangwani sichibweretsa makasitomala. Komanso mwini wake..." Chisamba sanamalize. Anapukuta manja pa buluku nakhala pa mulu wa matabwa.

Chikwangwanicho chinafika dzuwa lisanafike pamutu. Amene anachibweretsa anali mtsikana wa magalasi, mnzake wa Chitsiriza pa ntchito ya m'kalasiyo. Pamaliro analipo, koma anakhala kumbuyo, ndipo aka kanali koyamba kulankhula ndi makolowo. Anapereka moni. Bambo anamupatsa dzanja lamanzere.

"Pepani ndi zovutazi. Ndinaona kuti zinthuzi malo ake ndi kuno," anatero mtsikanayo.

Mayi anasesa utuchi pa tebulo logwirira ntchito, mtsikanayo n'kuyamba kuyala. Panali makhadi, malaya a antchito, ndi chithunzi cha galimoto yonyamula katundu yolembedwa dzina la shopu.

"Galimotoyi mwaiimika kuti?" anafunsa Chisamba.

"Ndi chithunzi chabe, achimwene. Timayerekeza."

"Antchito ovala malayawa nawonso mukuyerekeza?"

"Iwe, musiye mwanayu alankhule," anatero mayi.

Mtsikanayo anakonza magalasi ake. Analoza mtundu wobiriwira wofuwirira umene unali pa chilichonse. "Uwu Chitsiriza anati ndi wa ovololo yanu, bambo. Anakana wowala. Anati uyenera kuoneka wochapidwa kambirimbiri."

Bambo anayang'ana ovololo yawo, kenaka anadzuka pa benchi n'kusendera pafupi.

Mtsikana anamasula pepala limene anakutira chikwangwani. Chinali chachitsulo chopepuka. Pamwamba pa dzina la shopu panali dzanja lotambasula, litagona pa thabwa loonetsa mizere yake yonse. Mayi anagwira pakamwa. Ngakhale Chisamba anaimirira.

"Panali kolakwika kamodzi, koma ndakonza," anatero mtsikanayo, mawu ake atayamba kumasuka. "Iye anajambula dzanja la zala zinayi. Aphunzitsi anazunguliza ndi cholembera chofiira, anati makasitomala aziganiza kuti kuno mumadula anthu zala. Kalasi yonse inaseka. Iye anangoti adzafotokoza tsiku loonetsa ntchito. Ine ndinamufunsa, anati ndidikire, akufuna kudabwitsa munthu. Tsikulo linali dzulo. Ndinalibe choti ndikanene, ndiye ndinawonjezera chala chamkombaphala. Takhoza bwino. Dzina lake analiwerenga poyamba."

Chisamba anayang'ana makina aja anali kuwanyamula.

Makina amenewo ndi amene anadula chala chamkombaphala cha kudzanja lamanja la bambo, chaka chimodzi Chitsiriza asanabadwe. Kuchokera pamenepo dzanjalo linkatuluka m'thumba pogwira ntchito pokha. Pa zithunzi zonse za m'nyumbamo silinkaoneka. Chisamba, yemwe anaona magazi tsikulo ali mwana, sankaliyang'ana. Koma Chitsiriza anaphunzirira kuwerenga pa zala za bambo ake, ndipo atayamba sukulu anakangana ndi aphunzitsi kuti munthu akafika pa zisanu ndi zinayi amayambiranso. Atakula, akamadutsa msewu ndi bambo ake, ankapisa yekha m'thumbamo n'kulitulutsa.

"Ndalakwitsa chinachake?" anafunsa mtsikanayo.

"Ayi, mwanangu," anatero mayi. "Wagwira ntchito. Chakale chija chilipo?"

"Pakompyuta ndinasintha pa chomwecho. Chapepala anatsala nacho aphunzitsi, koma ndi chokhwatchidwa."

Chisamba anakanda chala chowonjezeracho ndi chikhadabo. Utoto wake unali wolowerera m'chitsulo. "Tikhoza kupakapo penti, bambo," anatero motsitsa mawu. "Kapena mlongoyu akapangitse china. Wa lole uja ndimuuza adikire."

"Adikire chiyani?"

"Mwina mwezi umodzi. Tichipachike, tione."

"Iwe wanena wekha kuti sichibweretsa makasitomala."

"Ndimangolankhula."

"Unanena zoona." Bambo anatola khadi limodzi, naliyang'ana mbali zonse ziwiri, nalibwezera pa mulu wake mowongola bwino. "Amene akanafotokoza kulibe. Ndikapachika cha zala zinayi, aliyense wolowa pano azindifunsa ineyo. Ndikapachika ichi, ndi shopu ya munthu wina. Ndinati ndidikira ndichione. Ndachiona. Muimbire abwere mawa."

"Bambo ake, bwanji tigone nayo nkhaniyi?" anatero mayi.

"Tagona nayo kokwanira."

Chisamba anatuluka ndi foni. Mawu ake ankamveka panja, akulongosola njira yolowera lole ndi poimika. Mtsikana wa magalasi anayamba kupinda malaya aja, kenaka anawasiya posadziwa ngati awatenge kapena ayi. Mayi anamugwira paphewa n'kumukhazika pa benchi.

Bambo anatsala pa tebulo. Anakumbukira masana ena miyezi yapitayo, pamene Chitsiriza anawaimitsa ntchito, nawagwira dzanja, naligoneka pa chidutswa cha thabwa n'kulizunguliza ndi pensulo ya ukalipentala. "Musagwedezeke, bwana mkubwa," anatero. Atamufunsa kuti n'zachiyani, anati akufuna kuwagulira magolovesi.

Tsopano bambo anatulutsa dzanja m'thumba n'kuliika pa chikwangwani. Chala chachikulu chinagwera pamalo pake. Zala zina zitatu zinagwera pamalo pake, kuphatikizapo chakumapeto chimene chinali chopindika. Chitsiriza sanalikulitse, sanalichepetse, ndipo sanawongole kanthu. Pakati pa chachikulu ndi zinzakezo, chala chatsopano chinatsala poyera, chosalala, chopanda chipsera.

Mtsikanayo anavula magalasi. Bambo sanachotse dzanja lawo.