Nyemba za m'Chipewa cha Lazarus

"Munadziwa liti kuti anakuchitani chinyengo?" anafunsa a Bizwell, kalaliki wa kukhoti la pa boma la Ntcheu, akuviika cholembera mu inki.

Lazarus Ngozo anawongola msana. Funso limenelo analikonda, poti yankho lake linali pamlomo.

"Kalekale, bwana! Mu 1949. Fabiano, amene anagwira zipewa tsiku la chisankho, anandiululira yekha tili ku Joni, atatsala pang'ono kumwalira. Sindikupeka lero ayi. Ndayenda nazo mumtima zaka zisanu ndi ziwiri."

Kalalikiyo anabweza cholembera patebulo osalemba kanthu.

Nkhani yake inali yotere. Mu 1948 anyamata a ku Biriwiri anayambitsa kalabu ya mpira, naitcha Akambuku. Lazarus ndiye anabweretsa mpira woyamba wachikopa, ndiyenso anatsogolera kuzula zitsa pabwalo. Posankha wapampando anapikisana ndi Paison, mwini kanyumba kogulitsira tiyi m'mbali mwa msewu. Poti ambiri sankadziwa kulemba, anaika zipewa ziwiri kuseri kwa mpanda, aliyense n'kumakaponya nyemba imodzi m'chipewa cha amene wamufuna. Oponya anali makumi awiri ndi atatu. M'chipewa cha Lazarus chokha munatuluka nyemba makumi atatu ndi imodzi. Paison, amene anathira yekha nyemba zoonjezerazo, anakwera pachulu n'kukuwa kuti, "Wakuba uyu!" Ndipo Lazarus, m'malo moima nji, anakalembetsa za ku migodi sabata yomweyo. Anaiwala kuti kwathu kuno wothawa ndiye wolakwa.

Nkhani ikamayenda imanenepa. M'zaka zisanu ndi zitatu nyemba zija zinasanduka mpira, mpira unasanduka mayunifomu, ndipo pofika kuchigwa cha Bwanje ena ankati anaba ng'ombe.

Tsopano anali atabwerera, ndipo mwana wake Salome anali atafunsiridwa ndi Kingston, mphunzitsi wachinyamata wochokera ku Bwanje komweko, amenenso ankagwira pagolo m'timu ya Akambuku. Ankhoswe anapangana kukumana Lamulungu likudzalo. Koma malume ake a Kingston, a Silvester, mkulu wa mpingo wosaseka ndi zachibwana, anali atanena pamsika kuti, "Tamva tinkhani ta bambo wake. Tiyamba taona." Timawu timeneto ndito tinamuwondetsa Lazarus. Kubwalo la kumudzi anamubweza, amati za mpira ndi zipewa ndi za Azungu, apite nazo ku boma. Ndiye uku anali ku boma, Lachiwiri m'mawa, masiku asanu okha atatsala.

"A Ngozo, mwachedwa," anatero a Bizwell. "Kuno mlandu uli ndi nthawi yake. Woipitsa mbiri ndi pakamwa, zaka ziwiri basi. Wachinyengo, zisanu ndi chimodzi kuchokera tsiku limene munadziwa. Mukanati mwadziwa chaka chatha, bwenzi ndikulemba. Koma mwanena nokha."

"Mlandu suola, bwana."

"Kumudzi suola. Kuno umaola, ndipo wanuwu wanunkha kale."

"Nanga dzina langa? Nalonso laola? Mwana wanga akwatiwe bwanji?"

Kalalikiyo anayang'ana kukhomo, kenaka anatsitsa mawu.

"Njira ilipo imodzi. Paison akadzabwereza mawu ajawo pagulu, mboni zikumva, nthawi imayambiranso. Koma musakati mwamva kwa ine."

Lazarus anatuluka atagwira mawuwo ndi manja awiri. Njira yonse yokwera ku Biriwiri ankangowerenga masiku pazala. Loweruka kunali mpira, Akambuku ndi timu ya pa boma, ndipo Paison, yemwe anali wapampando mpaka pano, sakanalephera kukhalapo.

Anapeza mkazi wake Rute akusankha mbatatesi pakhonde. Anamufotokozera zonse, mawu akugundana m'kamwa. Rute anamvetsera osadzutsa mutu.

"Ndiye mukufuna mukamupemphe munthu kuti akutukwaneni?" anafunsa.

"Ndikamuputa. Paison pakamwa pake sipachedwa. Akangoti wakuba, Lolemba ndili kukhoti, ndipo Lamulungu ndiwauza a Silvester kuti nkhani ili m'manja mwa boma. Wakuba sathamangira kukhoti."

"A Ngozo, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mkhatewo ndi mwana wanu."

"Amake Salome, simukundimvetsa."

"Ndikukumvetsani bwino. Inu munali ku Joni, ine ndinali pano. Ndinatunga nayo madzi nkhaniyi, ndinapita nayo kuchigayo, mpaka anthu anatopa nayo. Anyamata a lero sadziwa za nyemba. Kingston sadziwa. A Silvester amva tinkhani chabe. Abwere, tiwalandire, aone khomo lathu ndi khalidwe la mwana. Zinazo zisiyeni."

"Ndikawayang'ana bwanji m'maso?"

"Ndi maso omwewo."

Rute ankanena zoona, koma munthu wamantha samva zoona. Lazarus ankaopa, ndipo mantha ake anali aakulu kuposa nzeru zake. Ankaona a Silvester atakhala pamphasa n'kufunsa mwaulemu kuti, "Nanga za ku mpira zija zinatha bwanji?" iye alibe pepala, alibe mboni, Fabiano ali m'manda a ku Joni. Masiku atatu otsatirawo anangokhalira kuyeserera mawu oputira Paison. Ankayankhula yekha kudimba mpaka Salome anafunsa amake ngati ababa akudwala.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Panali a ku Biriwiri, a pa boma, ngakhale ena ochokera tsidya la malire. Lazarus anavala jekete lake la ku Joni ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo, natenga mboni ziwiri, msuweni wake ndi mmisiri wina wa matabwa.

"Mukangotchera khutu basi," anawauza. "Mukamva mawu akuti wakuba, muwasunge."

Atafika anaona zinthu ziwiri zimene sanaziyembekezere. Pabenchi lakutsogolo, pafupi ndi Paison, panali a Silvester, amene anapalasa njinga kuchokera ku Bwanje kudzaona mphwawo akugwira pagolo. Ndipo pakati pabwalo, atavala kabudula woyera, wezulo ali pakamwa, woyimbira mpirawo anali a Bizwell. Lazarus sankadziwa kuti kalalikiyo amayimbira masewero a Akambuku, ndiponso kuti akatha amakamwa tiyi waulere kwa Paison. Kodi anamutsina khutu Paison? Anafuna kubwerera, koma mboni zinali zitaima kale pambali pake, ndipo Salome anali uko pakati pa atsikana anzake akuimbira timu.

Chigawo choyamba sanachione n'komwe. Itakwana nthawi yopuma, anayenda kupita kubenchi kuja. Asanatsegule pakamwa, Paison ananyamuka manja ali m'mwamba.

"Anthuni, taonani wabwera! Tate wa kalabu yathu, amene anatibweretsera mpira woyamba! Mupatseni mpando. Khalani apa, achimwene, pafupi ndi apongozi anu."

Anthu anaomba m'manja. A Silvester anagwedeza mutu n'kusuntha kuti amupatse malo. Munthu wanzeru akanakhala pansi pamenepo, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma Lazarus anali atayeserera masiku atatu, ndipo mawu anali atafika kale pakhosi.

"Paison, ukukumbukira nyemba?"

"Nyemba? Chaka chino zachita bwino, achimwene, makamaka kumtunda kuno."

Anthu anaseka.

"Usandizembe. Bwereza zimene unanena uli pachulu icho."

"Ine ndakula, mutu wayamba kuiwala," anatero Paison mofatsa, akumwetulira. "Ndinanena chiyani kodi? Tandikumbutsani."

"Ukudziwa!"

"Sindikudziwa, achimwene. Nenani inuyo, tonse timve."

Apa ndi pamene Lazarus anataya mutu. Mawu anatuluka okha, ndipo anamveka mpaka kugolo lakutsidya.

"Unati ndine wakuba! Unati ndinaba chisankho! Chifukwa cha iwe anthu akuti ndinaba mpira, ndinaba mayunifomu, ndinaba ng'ombe! Nena tsopano kuti Lazarus Ngozo ndi mbava! Nena! Chikhalirecho ndiwe unathira nyemba m'chipewa changa, kathyali iwe!"

Atsikana analeka kuimba. Kenaka kunayamba kunong'onezana, anyamata akufunsa akuluakulu kuti, "Anaba chiyani bamboyu?" ndipo akuluakulu, amene anali ataiwala, anayamba kukumbuka, aliyense ndi nkhani yakeyake.

Paison sanakweze mawu. Anatembenukira kwa woyimbira mpira uja.

"A Bizwell, mwamva nokha. Ine sindinanene kanthu. Koma munthu wanditcha kathyali pamaso pa anthu onsewa. Munati zimakhala zaka zingati?"

A Bizwell anayang'ana pansi, akupukuta wezulo pakabudula.

"Ziwiri."

"Basi, sindifulumira. Nthawi ndili nayo."

Lazarus anatembenukira kwa mboni zake ngati munthu womira.

"Mwamva?"

"Tamva," ananong'ona msuweni wake, "koma tamva kwa inu."

A Silvester ananyamuka. Sanakalipe, sanatsanzike. Anamanga miyendo ya thalauza lawo bwinobwino, anakokera Kingston pambali n'kumuyankhula mawu ochepa, kenaka anakankha njinga kulowera njira yotsikira ku Bwanje, chigawo chachiwiri chisanayambe. Kingston anabwerera pagolo mutu uli pansi. Lazarus anafunafuna Salome pakati pa atsikana aja, koma anali atachoka.

Lamulungu, atabwera kutchalitchi, Rute anasesa pabwalo kachiwiri. Anatulutsa mtsuko wa thobwa, ndipo Salome anayala mphasa zitatu pansi pa mpichesi. Nkhoswe ya kuchikazi, mlongo wake wa Rute, inafika dzuwa lili paliwombo n'kukhala. Palibe anatchula za dzulo. Lazarus anakhala kumapeto kwa mphasa nkhope italoza kunjira, ndipo belu la njinga likalira kumsewu ankasuzumira. Inadutsa njinga ya wogulitsa nsomba. Inadutsa ya mesenjala. Mthunzi wa mpichesi unachoka pamphasa n'kukafika kunkhokwe.

"Mwina njinga yaphulika," anatero Lazarus. "Chitunda cha ku Bwanje n'chovuta."

Mlamu wake anamwa chikho chimodzi cha thobwa, napukuta pakamwa, n'kunena kuti akaone mbuzi. Rute anabwezera mtsuko m'nyumba.

Salome anapinda mphasa yoyamba, anapinda yachiwiri, kenaka anaima patsogolo pa bambo wake. Maso ake anali ofiira koma ouma.

"Mwana wanga, ndimafuna kuti adziwe kuti sindinabe," anatero Lazarus. "Ndimachitira iwe."

"Ndikudziwa kuti simunabe, ababa. Sindinakufunsenipo n'kamodzi komwe." Anawerama n'kugwira m'mphepete mwa mphasa. "Tasunthani, ndipinde iyi."