Pemphero Lotsegulira

Gulu lawo lophunzira Baibulo linkakumana Lachitatu, koma miyezi imeneyo ankangotsegula buku la Aroma n'kuyamba kukangana za malamulo oyendetsera dziko amene ankalembedwanso. Atelala, mayi wamasiye amene alamu awo anawalanda nyumba atangoika maliro, ankafika msana ukuwawa, ulusi uli m'zovala. Anachonderera mpaka gulu linavomera kuti pamaso pa akuluakulu omva maganizo a anthu, nkhani yoyamba idzakhale katundu wa amasiye.

Tsikulo holo inadzaza, akuluakulu aja atakhala kutsogolo ndi zolembera m'manja. Andale analankhula mpaka kukhuta, amalonda nawonso. Amipingo anapatsidwa mphindi zochepa, ndipo kalaliki anaika belu patebulo.

Mtsogoleri wa gulu anaimirira. "Abale, ife sitiyamba kanthu popanda pemphero."

Atelala anatsinzina nawo. Mkuluyo anapempherera olamulira, odwala, apaulendo, ngakhale kalalikiyo. Asanafike pa Ameni, belu linalira.

"Otsatira!"

Panja, mtsogoleri anawagwira phewa. "Musadandaule amayi, Ambuye amva."

"Ambuye anamva kalekale, abambo," anatero Atelala, akuvula nsapato imene inkawaluma. "Ine lero ndatseka shopu kuti amve a zolembera aja."