Mkamwini wa Laputopu Yakufa Batire

Nkhani iyi ndikukuuzani inu nokha, musakaifikitse kuchigayo, ngakhale kuti kumeneko ndinakaisiya kale ndekha.

Achemwali anga a Emma anapeza mwamuna. Dzina lake ndi Winston, amaika nyimbo m'mafoni a anthu pa Chonde, koma podzitchula amati ndi injiniya. Malume athu a Pilato, eni mbumba, anangomuyang'ana m'manja n'kunena kuti zikhatho zosalala choncho sizinakumanepo ndi khasu. Kwathu kuno mwamuna ndi amene amadzakhala kwa mkazi, ndiye asanamulole amayamba aona ngati ntchito amaitha.

Mwayi wake unali fulashi. Bambo athu ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, ndipo anamwalira ine ndili sitandade 3. Chaka chatha mlendo wina amene anamunyamulirapo chikwama mpaka ku Chambe anabweranso n'kutisiyira fulashi, ati muli kanema wa bambo. Tikaibaya pa TV yathu, inkangolemba chizungu chokana. Amayi anaimanga pa kansalu n'kuisunga.

Winston atamva anati, "Kameneko ndi kantchito ka mphindi khumi, malume."

"Ukakatha, tikambirana za Emma," anatero malume. "Ukalephera, msewu wa ku Chonde ukuudziwa."

Loweruka m'mawa anafika ndi laputopu. Ine ndinakhala pafupi, chifukwa nkhani yomva kwa ena imakhala itatha mchere. Anandifotokozera kuti kanema ali ngati dengu: muli zithunzi, muli mawu, zonse zosanjidwa kuti ziziyenda limodzi. TV yathu sidziwa kuvundukula dengu la mtundu umenewo, ndiye pafunika kusamutsira zonse m'dengu lina. Chodziwa kutsegula ndi kutseka madenguwo amachitcha laibulale, ngakhale mulibe buku ndi limodzi lomwe. Yopangidwa kale inkakana kulowa m'laputopu yake yokalamba, choncho anakoka malemba ake enieni pa intaneti kuti aipange yekha.

"Ndiye akupatsa ufa m'malo mwa mandasi," ndinatero.

"Eya, mlamu. Ndipo ufawo ndi waulere. Anthu a m'mayiko osiyanasiyana amalemba n'kusiya poyera."

Malume anaguguza. "Zaulere zimatha ndi apolisi pakhomo."

Tsono vuto linali ili. Batire ya laputopuyo inafa kalekale, imayaka pokhapokha chingwe chili kukhoma. Soketi m'nyumba mwathu ndi imodzi, ya pabalaza. Ndipo mkamwini, ngakhale wongoyembekezera, sakhala m'chipinda chimodzi ndi apongozi ake aakazi. Akalowa iwo, iwe umatuluka.

Winston analemba timawu tiwiri, malemba oyera n'kuyamba kuthamanga pagalasi lakuda ngati linthumbu. Ine ndinathamangira kukhitchini.

"Amayi, zayamba."

Amayi anapukuta m'manja n'kubwera. Winston atangomva patapata wawo pakhomo, anadzambatuka laputopu ili m'manja n'kutulukira khomo la kuseri. Chingwe chinasolokera pansi, galasi n'kuchita mdima.

Amayi atabwerera, iye analowanso akutuluka thukuta. Ati kafayilo kena katsala kosapsa, ayenera kusesa zonse n'kuyambanso. Nthawi ino laputopu anaiika patebulo, iye n'kupinda manja.

Malume anamuyang'ana. "Ntchito yako ndi iti apa?"

"Tikudikira, malume. Ikudzipanga."

"Ndiye Emma timupereke kwa makinawo, poti ndi amene akukhetsa thukuta?"

Kenaka panatuluka mzere wofiira. Ati laibulaleyo ili ndi kamng'ono kake kamene kayenera kupangidwa koyamba. Ndinakauza amayi kuti nayonso ili ndi achibale ovuta. Sindinanene kuti abwere ayi, koma anabwera. Winston pothawa anakodwa ndi chingwe chomwe chija, n'kukagwera pa mphika wa maluwa a Emma.

Kachitatu anachenjera. Chingwe anachiyendetsa m'mbali mwa khoma, n'kuchipsinja ndi mwendo wa mpando. Manambala atafika 80 pa 100, pakamwa panga panayabwa, ndipo ndinathamangiranso kukhitchini. Amayi analowa, Winston anatuluka bwinobwino ngati munthu wophunzira. Amayi anaima, anaona chinthu chikuyaka popanda mwini wake, ndipo anachita zimene amachita tsiku lililonse akapeza wailesi ikulankhula yokha. Anazimitsa pakhoma kuti mayunitsi asathe.

Panja tinamva Winston akuitana dzina la mayi ake omubereka, motsitsa mawu.

Dzuwa linali litapendeka. Malume anayamba kufunsa ngati minibasi za ku Chonde zikadalipo. Emma anali pakona, maso ali psuu, ndipo anandinong'oneza kuti ndikangopitanso kukhitchini andimeta ndi mpeni wosendera chinangwa.

Koma amayi sanabwererenso kukhitchini. Anakoka mpando n'kukhala kutsogolo kwa tebulo.

"Ndadikira mwamuna wanga zaka zisanu ndi ziwiri. Sindichokanso pano. Mnyamatayo aone chochita."

Chochita chake chinali windo. Anaima panja, nkhope atalozetsa kuphiri kuti asaphane maso ndi apongozi, n'kumatchula chilembo chimodzichimodzi. Emma anakhala palaputopu n'kumabaya ndi chala chimodzi.

"Ikani kamzere, a Emma."

"Kogona kapena kotsamira?"

"Kogona."

"Uzinena, nanga ine ndili m'mutu mwako?"

Anthu ochokera ku esiteti ya tiyi anaima pampanda, kuonerera mnyamata wa taye akulalikira zilembo kwa mtengo wa peyala. Ena anavula zipewa.

Malemba anathamanga, anathamanga, n'kuima opanda chofiira. Emma anabayanso zimene anauzidwa, kanema n'kusamukira m'dengu latsopano. Tinabaya fulashi pa TV.

Panaoneka njira ya miyala. Kenaka chikwama chachikulu chobiriwira chikukwera phiri, pansi pake pali miyendo ya bambo. Anatembenuka, anamwetulira kamera mokoma, n'kunena m'Chilomwe kuti mzungu uyu wanyamula ndi apongozi ake omwe m'chikwamamu. Mlendoyo anamveka akuthokoza kwambiri.

Amayi anaseka mpaka kugwira tebulo, kenaka anaphimba nkhope ndi chitenje. Anati tibwereze. Tinabwereza kasanu.

Malume anatsokomola n'kulunjika kuwindo. "Ndaona ndi maso anga. Ntchito wagwira ndi Emma. Koma munthu wolola kuwononga ntchito yake katatu kuti asakhale pamodzi ndi apongozi, ameneyo analeredwa. Lamulungu ubwere ndi akwanu."

 Kuwindo tinamva kamawu, kakulankhulabe ndi mtengo wa peyala.

"Zikomo, malume. Koma a Emma, tandionereniko, mawu akuyenda limodzi ndi milomo?"